Mbuzi za Zilembo ndi Msoti wa Malume

Ndili ndi kanthu kamene ndakabisa kuyambira nyengo yokumba mbatata, ndipo kakundiyabwa ngati chitedze. Abale anga onse kuno ku Tsangano akuti ndinasintha, ndinasiya masewera a pa telefoni, tsopano ndine mayi wa ntchito zamutu. Zoti ndinasintha n'zoona ndithu. Koma umboni umene anaukhulupirira unali wopindika, ndipo anaupereka ndi malume anga enieni, aFabiyawo, ankhoswe a banja langa, mkulu wa mpingo.

Ndiyambe ndi manyazi oyamba. Nditamaliza kurusu ya informatika, maphunziro a za makomputadolo, ku Tete n'kubwera ndi seritifikadu yanga, ntchito sinapezeke. Ndinakwatiwa, Lusiya anabadwa, seritifikadu n'kugona pansi pa zitenje. Masana ankatalika. Ndiye ndinalowetsa mu telefoni kamasewera kofananitsa zipatso (dzina musandifunse, ndinalumbira kuti sindidzalitchulanso). Nyemba zinapserera kangapo, ufa woyanika nkhuku zinachita nawo phwando, koma zonsezo tinkangoseka. Tsiku limene sitinaseke ndi limene mayi wina wogulitsa matimati anafika pakhomo atanyamula Lusiya. Anamutola m'mphepete mwa msewu umene mumadutsa magalimoto a mbatata. Mwanayo anali ndi chaka ndi theka. Ine ndinali m'nyumba, chala pa galasi, osadziwa n'komwe kuti watuluka.

Ankhoswe anakhala pansi. Bambo a Lusiya sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anangonena kuti akapita kokonza mota, njinga zamoto za anthu, mtima wawo umatsala kunyumba. Malume analankhula ola lathunthu, Baibulo lili pabondo. Ndinafufuta kamasewera kaja onse akuona, n'kulonjeza kuti sindidzaseweranso. Apongozi ankafuna kuti ndi komputadolo yanga yomwe igulitsidwe, pamene ine ndinali nditangoyamba kuphunzira kulemba mapulogalamu pa intaneti. Anaipulumutsa ndi bambo a Lusiya. Koma panabwera lamulo: ndiziphunzirira pakhonde, galasi litayang'ana pabwalo, kuti wodutsa aliyense aziona. Malume anaperekanso chizindikiro chosavuta. Galasi likakhala lakuda ndi tizilembo, imeneyo ndi ntchito. Pakaoneka mitundu yowala ndi zinthu zodumphadumpha, ameneyo ndi Satana.

Abale, ntchitoyi ndinaikonda. Lusiya ndinkamubereka kumbuyo, chitenje n'kumanga mfundo ziwiri, ine n'kumalemba. Tsiku limene pulogalamu yanga yoyamba inandiyankha ndinavina pakhondepo ndekha mpaka mwana anayamba kuseka kumsana. Apongozi ankadutsa dala ndi ndowa yopanda madzi, n'kusuzumira, n'kupeza galasi lili bii. Patapita miyezi isanu anayambanso kundisiyira adzukulu awo ena akamapita kumunda. Ndinkaona kuti dzina langa likubwerera pang'onopang'ono.

Kenako aporofesori otiphunzitsa pa intanetipo anatumiza purojetu yomaliza: aliyense apange masewera akeake. Ndinawerenga katatu. Ndinawalembera kuwapempha ntchito ina, iwo anati ayi, masewera ndiwo amaonetsa ngati munthu wamvetsa zonse zimene taphunzira. Njira yolongosoka inali kuwakhazika pansi bambo a Lusiya n'kuwafotokozera. Ndinayesa kawiri. Kachiwiriko ndinafika mpaka ponena kuti pali nkhani, iwo n'kuimika supuni m'mwamba, kufunsa ngati mwana ali bwino. Nditaona maso awo ndinati nkhani yake ndi yakuti mchere watha.

Ndiye nzeru inandibwerera, ya mtundu uja umene umabwerera munthu wamantha. Ndinapanga masewera a zilembo zokhazokha, pa galasi lakuda. Ma o anali mbatata m'munda. Ma M anali mbuzi zochokera kudzanja lamanja. X anali mlimi, ndipo unkamuyendetsa ndi mabatani anayi kuti atchinge mbuzizo. Ukatchinga zonse, gawo lotsatira zinkachuluka n'kuwonjezera liwiro. Wodutsa pabwalo ankangoona tizilembo, n'kunena kuti mayi a Lusiya ali pantchito. Ine ndinkadziuza kuti sindikusewera, ndikungoyesa ngati zikugwira (pulogalamu imayeneradi kuyesedwa, koma ngati imayenera kuyesedwa kamakumi anayi patsiku, limenelo ayankhe aporofesori).

Loweruka lina kunali chinkhoswe cha mng'ono wanga wa kwa mayi aang'ono, kumudzi wa kutsidya kwa dambo. Onse anapita m'mamawa. Ine ndinatsala chifukwa Lusiya anali ndi chimfine, komanso purojetu inkayenera kutumizidwa tsiku lomwelo. Malume ndiwo anali ankhoswe a kuchikazi, ndipo ndiwo anayenera kupita ndi msoti wokasinthana ndi tambala wa kuchimuna. Popanda iwo ndi nkhukuyo, mwambo sukanayamba.

Cha m'ma novi ora, naini koloko m'mawa, anatulukira pakhomo, atavala jekete ya kutchalitchi, msoti uli m'khwapa. Anati angozonda mwana n'kupitirira. Anamangirira msoti pa mzati wa khonde ndi luzi, anagwira Lusiya pamphumi, kenako n'kuima kumbuyo kwanga. Mbuzi zanga zinali pakati pa ulendo.

"Nabanda, zilembozi zikuthamangiranji?"

"Ndi pulogalamu yoteteza mbatata ku mbuzi, malume."

(Mundiuze nokha, bodza lili pati pamenepa?)

Chimene ndinaiwala n'chakuti malume akhala pa nkhondo ndi mbuzi za anansi awo kwa zaka zambiri. Anapukuta magalasi awo, n'kundiuza kuti ndisunthe aone. Ndinawaonetsa mabatani anayi aja. Ulendo woyamba mbuzi zinadya munda wonse iwo akufunafuna batani lopita m'mwamba. Anati makinawa ndi achinyengo, ndibwereze. Ulendo wachiwiri anapulumutsa mbatata ziwiri. Wachitatu anavula jekete n'kuipachika pa mpando.

Pofika gawo lachitatu anali akulankhula nazo. "Choka apo iwe. Izi ndi za aZakariya izi, ndazizindikira mayendedwe." Ndinawakumbutsa za chinkhoswe, anati msoti suthawa. Telefoni inalira m'thumba la jekete kasanu, iwo osatembenuka. Ndinawakumbutsanso, anayankha mawu amene ndinkawadziwa ngati dzina langa: kamodzi kokha aka. Khosi linali litatalika, lilime lili kunja pang'ono. Ndinadziona ndekha mwa munthu wa imvi, ndipo zinandiopsa. Koma ndisakubisireni, chachikulu mumtima mwanga chinali chimwemwe. Maola awiri athunthu, munthu akumenya mabatani ngati akupuntha nyemba, pulogalamu yanga osaima ngakhale kamodzi. Ndinkafuna kululutira.

Tinadzidzimuka ndi kulira kwa mota. Anali bambo a Lusiya, atatumidwa kudzafufuza, poti kuchinkhoswe ena ankati mwina malume agwera mumtsinje. A kuchimuna anali atatopa kugwira tambala wawo, ndipo nyimbo zawo zinali zitasanduka zonyoza. Ine ndinafikira batani, masewera n'kuchoka, pagalasi n'kutsala mizere ya kodigo, malamulo amene ndinalemba oyendetsa pulogalamuyo. Malume anaimirira mwaulemu wonse, anavala jekete, n'kuwerama kuti amasule msoti. Pa mzati panali luzi lokha.

Msoti unali kale m'munda, ndiye tinauthamangitsa. Malume ndi nsapato zawo za kutchalitchi, bambo a Lusiya chipewa cha mota chikadali kumutu, ine ndi mwana wa chimfine kumsana, tonse kudumpha mizere ya mbatata. Msoti unalowa pansi pa nkhokwe. Malume anagona chafufumimba, anapisa dzanja, anatuluka ndi nthenga za kumchira. Anaugwira ndi bambo a Lusiya cha kumbali inayo. Unapita ku chinkhoswe wopanda mchira, ankhoswe ake ali ndi dothi mpaka pa tayi.

Zimene zinachitika kumeneko anandifotokozera ndi bambo a Lusiya atabwerako, nkhope ikuwala. Malume anaimirira pamaso pa anthu onse n'kupepesa, nati anachedwa chifukwa ankayendera ntchito yanga monga ankhoswe. Anati aikhalira okha maola awiri, ndi ntchito yolemera yotulutsa thukuta, ndipo amene adzandinenenso za masewera adzayankha kwa iwo. M'mawa mwake apongozi anandibweretsera mazira anayi, nati ndizilowa m'nyumba pophunzira, pakhonde pamazizira. Ndinalandira mazirawo ndi manja awiri. Anali okoma, koma ankavuta kumeza.

Purojetu ndinakhoza bwino. Malume anayamba kubwera Lachitatu ndi Loweruka lililonse kudzayendera ntchito. Kwa nthawi ndithu ndinkaganiza kuti mwina sakudziwadi chimene akuchita, mpaka tsiku lina ndikuwaperekeza anatsitsa mawu.

"Nabanda, mbuzi ya m'gawo lachisanu ija imadutsa pampanda popanda chilungamo. Munthu sangawine choncho. Uikonze."

Nditayang'ana mu kodigo ndinapeza kuti akunena zoona, panali cholakwika chimene ngakhale aporofesori sanachione.

Sabata yatha ndiye zinthu zafika pena. Aporofesori andilumikiza ndi kagulu kena kopanga mapulogalamu ophunzitsira ana, ndipo akufuna ndigwire nawo ntchito ndili konkuno kunyumba. Ntchito yanga yoyamba, abale! Ndinathamanga kuzungulira nyumba kawiri. Koma akufuna mbuzi zanga zikhale mbuzi zenizeni, zamitundu, zolira. Mbuzi yolira siibisika.

Choncho Lamulungu titabwera kutchalitchi, tikusankha mbatata ya mbewu, ndinawauza bambo a Lusiya zonse, kuyambira pa ma M. Anapitiriza kusankha, osandiyang'ana. Kenako anafunsa ngati malume akudziwa.

"Ali pa gawo lachisanu ndi chiwiri," ndinatero.

Anaseka mpaka anakhala pa thumba, misozi ikutuluka. Ine ndinati basi, zatha bwino. Koma atapukuta m'maso analankhula mofatsa.

"Ntchitoyo muilandire, mayi a Lusiya, ndi yanu. Chandiwawa n'chakuti ine ndinakuimirani pamaso pa mayi anga, inu n'kundiika m'gulu la anthu obisiridwa."

Tinamaliza kusankha mbatatayo. Akundilankhula bwinobwino, dzulo anandigulira mamega a intaneti osawapempha. Koma anena chinthu chimodzi chimene sakusintha: lonjezo ndinalipereka pamaso pa ankhoswe, choncho apongozi ndiwauze ndekha, pamaso pa ankhoswe omwewo. Tikumana Loweruka likubwerali. Amene adzaweruze mlandu wa masewera a mbuzi ndi malume aFabiyawo.

Uthenga utawafika, anandiimbira telefoni. Analonjera mwana, analonjera bambo ake, anafunsa za mvula, kenako anafunsa ngati nkhani ngati imeneyi singakambidwe popanda kutchula mayina a anthu.

Ndiye ndikufunseni inu. Ndinalakwa kodi kubisa, poti ndikanaulula poyamba paja komputadolo ikanagulitsidwa ndipo ntchitoyi sindikanaipeza? Nanga Lowerukali, apongozi akadzandifunsa kuti maola awiri aja malume ankatani pakhonde panga, ndidzanene kuti chiyani?