Tsiku Limene Ndinapita Kumanda Kukafuna Mantha

"Amake Tadala, kodi n'zoona zimene ndamva kumjigo, zoti munalumpha mpanda wa a Kamwendo mwana ali kumsana?"

Anandifunsa choncho a Nabanda, oyandikana nawo nyumba, atangofika kuchokera ku Kasakula kumene anakadwazika mchemwali wawo. Ndinawayankha kuti mpandawo unali waufupi. Koma poti nkhaniyi ili pakamwa pa aliyense, ndipo aliyense akuthiramo mchere wake, bola ndiifotokoze ndekha.

Ine sukulu ndinalekezera sitandade 7, koma kulemba nkhani zopeka ndimakonda. Ndimalemba m'kope masana, mbale nditatsuka, mwana atagona. Pa wailesi pamakhala pulogalamu ina Lamulungu, imene bambo wina wa mawu okoma amalangiza ofuna kulemba, ndipo ine malangizo ake ndinkawatsatira ngati a kusikelo ya ana. Atati tizilemba tsiku lililonse ngakhale mizere itatu, ndinkalemba, ngakhale manja atatupa ndi khasu. Atati tizimvetsera mmene anthu amayankhulira, ndinayamba kuchedwa kumjigo, mpaka amayi anayamba kutsitsa mawu ndikatulukira (ena mpaka lero amasintha nkhani n'kuyamba za nyengo).

Nkhani imene ndinkalemba inali ya mayi wina amene anasochera pochokera kuchigayo n'kudutsa pafupi ndi manda. Nditamaliza ndinamuwerengera mlamu wanga Esinati, mlongo wawo wa amuna anga, munthu wosadziwa kubisa mawu.

"Alamu," anatero akutokosa m'mano, "mayi wanuyu akuopa, kapena akupita kukagula tomato?"

"Sunamve? Ndalemba kuti anachita mantha kwambiri."

"Ndamva, mwabwereza mpaka ndatopa. Koma ine ndikungoyasamula."

Zinandiwawa. Ndiye Lamulungu lotsatira bambo wa pa wailesi uja anachita ngati anali kuseri kwa nyumba kutimvera. Anati wolemba asamalembe za malo amene sanaimepo, apite akaone, akanunkhize, akamvetsere.

Apa ndiyenera kunena kuti kwathu ndi ku Phalombe, kuno ku Dzoole ndinabwera ndi banja. Nditangofika, apongozi aakazi anandiuza bwinobwino kuti kunkhalango ya manda n'kumene kumachokera zilombo za gule wamkulu, ndipo mkazi sayandikirako pokhapokha pa maliro. Ndinkadziwa, sindinganame. Koma ndinadziuza kuti sindilowamo, ndingoima chapatali, dzuwa lili paliwombo, n'kubwerera nyemba zimene ndinasiya pamoto zisanapserere. Chimene ndinaiwala n'chakuti sabata imeneyo kunali mwambo wa chiliza cha malemu ena a m'mudzi, ndiye kumandako sikunali kopanda eni.

Ndinabereka Tadala, ndinatenga kope ndi cholembera, n'kugwira njira ya kudimba. Nditafika pamene njirayo imakhotera, ndinapatuka n'kukaima kuseri kwa chulu. Kunali kutentha kwa Okutobala. Nyenje zinkalira, mitengo inkakhulana nthambi ngati chitseko chakale. Ndinalemba zimenezo. Kenaka ndinaona kuti fungo silikufika pamene ndinaimapo, ndiye ndinasendera pang'ono. Ndinasenderanso (wolemba weniweni, eti!). Tsitsi linayamba kuima, ndipo ine wopusa ndinkasangalala kuti zimene ndimafuna zija zafika.

Mwadzidzidzi nyenje zinasiya kulira. Tadala, amene mawu ake onse sakwana khumi, anaseka kumsana kwanga n'kuloza kumbuyo.

"Uyo!"

Ndinatembenuka pang'onopang'ono. Chilombo chinali chitaima pachitsa, thupi lonse matope ofiira, kumutu nthenga zokhazokha, chikwanje m'manja. Sichinkasuntha. Chinangopendeketsa mutu n'kumandiyang'ana ngati nkhuku yaona chiwala. Kuseri kwake masamba anagwedezeka, n'kutulukanso china.

Apongozi anandiphunzitsa kuti ukakumana nazo umagwada, kuyang'ana pansi, n'kuponya kandalama ngati uli nako. Mutu unakumbukira zonsezi. Miyendo ndi imene inakana. Chilombo chija chitalira kamawu kake kakang'ono kolasa m'makutu, ndinangoona ndili kale pakati pa munda wa eni, ndikulumpha mizere iwiriiwiri. Kope ndinaliponya kumene ndinayenera kuponya ndalama. Patapata wina anaduka, mnzake ndinamusiya dala. Kumbuyo ndinkamva mapazi, phaphapha, osayandikira komanso osatalikira, ngati zikudziwa kuti sindipita kutali (za mapaziwo sindinena zambiri, ndikufunabe kukhala m'mudzi muno).

Ndinatsetserekera kudambo. Kumeneko a Kamwendo, bambo wachikulire wa fodya, anali kuthirira nazale yawo imene anaitchinga ndi mpanda wa udzu. Kuzungulira kunali kutali. Ndinagwira mwana ndi dzanja limodzi, chitenje ndi linalo, n'kuuluka. Ndinatera pakati penipeni pa mbande.

"Mayi inu! Fodya wanga! Mwapenga?"

Ataona zimene zinali kumbuyo kwanga, anangotsitsa kheni yawo yothirira n'kupatuka mwaulemu. Zilombo nazonso sizinazungulire. Zinadutsa momwe ndinadutsa ine.

Ndinalowa m'nyumba ya apongozi osaodira, n'kutseka chitseko ndi mtondo. Panja agalu anauwa, ana anakuwa, kenaka zii. Ndinamasula Tadala n'kumufufuza thupi lonse ngati wavulala. Mwanayo anali kuombera m'manja, akufuna tibwereze.

Mantha enieni anabwera dzuwa litapendeka, pamene akuluakulu awiri a kudambwe, eni ake a gule wamkulu, anafika n'kukhala pansi pa mtengo wa mango. Amuna anga anali ku esiteti ya fodya ku Chisepo, ndiye amene anawalandira anali apongozi aamuna. Ine ndinagwada chapatali. Ndinkadziona ndikumanga katundu wobwerera ku Phalombe, ndikukafotokozera amayi anga kuti banja latha chifukwa cha wailesi.

"Mtengwa," anatero mmodzi mofatsa, ndipo kufatsako n'kumene kunandiopsa kwambiri, "kumene kuja munataya chiyani?"

"Palibe, bambo."

"Nkhuni?"

"Ayi, bambo."

"Nanga mumafunako chiyani?"

Ndinayang'ana apongozi, iwo anayang'ana nyerere pansi. Bodza linakana kubwera.

"Ndimafuna mantha, bambo. Oti ndilembe m'nkhani."

Winayo anakhosomola nthawi yaitali, nkhope atabisa m'chipewa.

"Ndiye mwawapeza?"

"Ndawapeza, bambo."

"Okwanira, kapena mudzabweranso?"

"Akwanira mpaka zidzukulu."

Anati poti ndine mlendo ndipo m'kati mwenimweni sindinalowe, sapitirira nazo, koma kulakwa sikutsukidwa ndi malovu. Apongozi anatuma Esinati kukhola kwanga kukagwira nkhuku za chindapusa. Nditalimba mtima n'kufunsa za kope langa, akuluakuluwo anandiyang'ana ngati ndafunsa za mvula ya chaka chatha. "Chimene chagwera kumeneko ndi cha kumeneko," anatero. A Kamwendo nawo anafika akuluakuluwo asanadzuke, chipewa chodzaza mbande zothyoka.

Madzulo Esinati anandiumiriza kuti ndimufotokozere. Ndinamuuza zoona, kuti pothawapo sindinaone mtengo, sindinamve fungo lililonse. Ndinkangomva chipumi cha mwana chikundigunda pakati pa msana, ndipo m'mutu mwanga munali chinthu chimodzi chopanda nzeru, choti nyemba zija zikupserera.

"Eyaa!" anakuwa akumenya ntchafu. "Amenewo ndiye mantha, alamu! Bwanji simunalembe choncho poyamba?"

Ndinafuna kumugenda ndi chipande. Koma ananena zoona, ndipo ndikadzagula kope lina ndidzalemba choncho. Bambo wa pa wailesi uja ndimamumverabe, kungoti tsopano akati "pitani mukaone", ine ndimayamba ndafunsa apongozi.

Zimene zinapita ndi izi: tambala wanga mmodzi yekhayo, misoti iwiri imene inali pafupi kuikira, patapata, kope ndi nkhani yonse ya mayi wa kuchigayo, mphika wa nyemba, ndi m'mawa wanga uliwonse kufikira mvula itagwa, ndikuthirira fodya wa a Kamwendo.