Mpando Wokana Kundimasula

Lolemba

Ndikutula pansi udindo. Ndanena ine!

Zaka zisanu ndi zinayi ndili wapampando wa kalabu yathu ya maliro kuno ku Kanyama. Munthu akatisiya, chitseko choyamba kugogodedwa n'changa. Kiyi wa tenti ndi mabenchi, ine. Kuyambitsa nyimbo, ine. Zakwana. Alongo anga aimba foni kuchokera ku Katete: mvula ili pafupi, ndikapanda kufika Lolemba likudzali, munda wa malemu amayi aupereka kwa mkamwini wawo. Mkamwini! Uja wogwira khasu ngati supuni.

Chovuta n'chimodzi. Wapampando wochoka mwalamulo, kalabu imadzamuperekeza ngakhale afere kumudzi. Wongonyamuka amamulemba "wothawa": tenti ayi, nyimbo ayi. Ine ndaimbira Kanyama yense, ndidzalowe m'manda chetechete ngati wakuba? Sizingatheke. Ndichoka mwalamulo.

Lachiwiri

Kwa amake Tisa, mlembi wathu, kukaona buku la malamulo. Malamulowa analemba ndi malemu amuna awo. Anali mesenjala ku Nyumba ya Malamulo, ndiye anangotenga za Sipikala n'kutisenzetsa ife ogulitsa tomato. Ndikuwerenga ndekha ndi chala, Sitandade 3 yanga ikugwirabe ntchito. Njira zochokera pampando:

1. Kufa. Sindinakonzeke.
2. Kulemba kalata.
3. Kusankhidwa kukhala nduna ya boma. Nduna! Ine, ndi patapata womanga ndi waya.
4. Kuchotsedwa ndi mavoti, awiri mwa atatu alionse.

Kalata ndalemba pomwepo, kuseri kwa kalendala. Amake Tisa alandira ndi manja awiri, atsegula tsamba lina, n'kundiitana ndi dzina la mpando: "Ba Cheya, muzankalabe pamupando mpaka tisanke wina. Masanko ni mu Epulo."

Epulo! Mkamwini atayamba kale kuotcha chimanga changa.

Lachitatu

Yatsala namba 4. Imeneyo yokha ndiyo imamasula munthu tsiku lomwelo. Tilipo 21, pafunika manja 14. Msonkhano ndi Lamulungu tikaweruka kutchalitchi.

Ndiye andide basi. Pakamwa ndili napo, Mulungu sanandimane. Pamsika ndagawa motere:

Amake Joyi: mawu awo poimba ali ngati chitseko cha chimbudzi.
Ba Nakamba, wachiwiri wanga: amalira maliro diso lili kukhitchini.
Ba Mwansa: wigi yawo ija ikufunika kuiika m'manda ndi nyimbo zake.

Bana Mulenga, ndiye kuti amake Mulenga, ndawasiya. Amenewo ndawagonjetsa katatu pamasankho, moni wanga amayankha ndi mphuno. Dzanja lawo lili kale m'mwamba.

Lachinayi

Anthu a m'kalabu muno alibe manyazi.

Amake Joyi abwera kudzathokoza! Akuti palibe anawauzapo zoona, kuyambira lero aziimba chapansi. Ba Mwansa avula wigi, amanga duku, amuna awo akuti akongola. Ba Nakamba akungoseka: "Ba Cheya, ndiye chifukwa timikonda, simubisa vintu."

Masana atsikana atatu a mpingo wina wofuula popemphera alowa m'nyumba osaodira. Akuti mzimu wa mkwiyo wandilowa. Andigwira mutu, "Tuluka! Tuluka!" Ndawauza kuti wofuna kutuluka ndine, mzimuwo ausiye. Sanamve. Andisiyira botolo la mafuta.

Lachisanu

Ngati pakamwa palephera, manja agwire ntchito. Ndaima pamsika anthu akuona, ndatenga kiyi wa tenti, ndaponya m'ngalande. Chubwi! Wapampando wotaya katundu wa kalabu, ndani angamusunge?

Ba Nakamba apisa m'chitenje, atulutsa kiyi wina. Akuti anadulitsa chaka chatha "poona kuti mwakula". Mwakula! Ndiye mukundisungiranji?

Ndayamba kumvetsa. Sikuti amandikonda ayi. Palibe akufuna kudzutsidwa ndi maliro, palibe akufuna kukangana ndi oyendetsa lole, palibe akufuna kuthamangitsa zidakwa pamabenchi. Apeza bulu, bulu wake ndine.

Mitambo yada cha kummawa. Chikwama ndalongedza: mbewu ya nyemba, zitenje ziwiri, mankhwala a maondo.

Loweruka

Lero ndayenda khomo ndi khomo, kudumpha matope pamiyala ndi maondo anga awa, kunena zoona. Za munda. Za amayi omwe anathyola tchire limenelo ndi manja awo ine ndili kumsana. Ndachita kugwada kwa ana oti ndinawaona akukwawa. Zowawa!

Alonjeza 13. Ena akuti, "Mukayenda, ise tizachita bwanji?" Muchite monga ndinachitira ine, kuphunzira.

Bana Mulenga ndawapeza akusankha tinsomba ta kapenta pakhomo. Ndati, "Anzanga, mpando uja munkaufuna, mawa ukhala wopanda mwini." Sanakweze mutu. "Tizaonana mailo." Ndiye kuti mawa, pamsonkhano.

13 kuphatikiza iwo, 14. Tikiti ya basi ndagula. Katete, ndikubwera!

Lamulungu

Pansi pa mtengo, kuseri kwa tchalitchi. Ba Nakamba afunsa: ofuna kuti ba Cheya achoke? Manja m'mwamba. Amake Tisa awerenga kawiri. 13.

Ndikuyang'ana bana Mulenga. Manja onse awiri ali m'chitenje, nkhope ngati ya mngelo.

Ndakweza langa. 14! Amake Tisa atsegula buku lija, buku la satana: wapampando savota. Akuti Sipikalanso savota. Ndati Sipikala ali ndi galimoto, ine ndili ndi chiyani?

Bana Mulenga adzuka, akung'untha chitenje. "Munaniwina katatu, mayo. Nkalani."

Ndakhala.

Ndikanatha kukwera basi mawa, palibe angandigwire mwendo. Ndaganiza, ndaganizanso. Munda ndi wa amayi, koma maliro ndi anga.

Mvula yayamba, denga likudontha pamwamba pa chikwama. Ndaimbira alongo anga. Ndati mkamwini alime, adye, anenepe. Koma awauze a ku Katete akonzeretu malo aakulu, chifukwa tsiku langa likadzakwana ndidzafika ndi tenti, mabenchi ndi amayi makumi awiri. Ndipo mawa ndikukalembetsa m'buku, ndikadali wapampando: nyimbo yoyamba pa maliro anga adzayambitse ndi bana Mulenga.