Ndinakawaopseza eni sitima ku Nairobi

Mpaka lero ndikamva kulira kwa sitima mtima umandiwawa, chifukwa chitsulo chimenechi chinandivula pagulu ine bambo wa ana atatu.

Zaka zimenezo ndinkagwira ntchito pa ofesi ina ya mpingo ku Upper Hill, koma ndinkakhala ku Dagoretti. Maminibasi akumeneko, otchedwa matatu, ndinkawaopa, ndiye m'mawa ndinkakwera sitima. Sitima yakenso! Inkabwera ikafuna, ngati mkamwini waulesi kumunda kwa apongozi, ndipo eni ake kupepesa sankakudziwa. Abwana anga a Gondwe, Mmalawi mnzanga koma wopanda chibale pa nkhani ya nthawi, anali atandichenjeza kale: "Achimwene, mukadzachedwanso tidzasiyana. Sitimayo idzakulembani ntchito."

Tsiku latsokalo sitima inangoti zii pakati pa njira, injini yafa. Palibe anabwera kudzatiuza kanthu. Anthu odziwa moyo anayamba kudumpha, kuthamangira matatu. Ine ayi. Ndinati lero ndi lero, eni sitimawa ayankhe.

Ndinaimirira m'bogimo, jekete lakuda, Baibulo kukhwapa (linali la mapemphero a ku ofesi, musandiyese woyera). Ndinatsegula pakamwa m'Chingerezi chothira Chiswahili changa chothyokathyoka: "Abale anga, tidzazunzika mpaka liti?"

"Amina!" inayankha bogi yonse.

"Tikafika, tonse tipite kwa mkulu wa siteshoni akatiyankhe!"

"Amina, mtumishi!"

Mutu unakula. Chomwe sindinkadziwa n'chakuti bogi imene ndinakwera tsikulo inali ya alaliki. M'menemo aliyense woimirira ndi Baibulo amamuyankha amina, ngakhale akuwodzera, ngakhale sakumva chomwe akunena. Ine ndinkaona gulu lankhondo, iwo ankaona m'busa wachilendo wa lilime lolemera.

Injini itatsitsimuka tinakwawa mpaka m'tauni. Ndinatsika ndili patsogolo, chifuwa chili nga, kumbuyo kukumveka mapazi ambirimbiri (ankapita kuchipata, koma ine ndinalibe nthawi yocheuka). Ndinakankha chitseko cha mkulu uja osagogoda. Ndinapeza bambo waimvi akuviika ndazi mu tiyi, nkhope yopanda nkhawa ngati sitima zake zonse zimauluka.

"Ife tonse tabwera kudzamva chifukwa chake mumatizunza!"

Anasuzumira kumbuyo kwanga. "Nonse ndani?"

Ndinacheuka. Mphepo yokhayokha.

Apa m'pamene kuleredwa kwa kwathu kunandipereka. Munthu waimvi akakulozera mpando, miyendo imapinda yokha. Ndinapezeka nditakhala, manja ndagwirizanitsa pamaondo, ndikuwafunsa mmene adzukira ndi ana kunyumba. Ukali wonse unasungunuka, kunatsala kapempho: "Bwana, mungowaimbirako abwana anga, muwauze kuti sitima inafa panjira."

"Pole sana. Ngoja," anatero, kutanthauza kuti ndidikire.

Ndinadikira. Anamaliza tiyi. Anaitanitsa wina. Anakambirana za mpira ndi mnzake wa ofesi yoyandikana. Dzuwa litakwera ndithu m'pamene anakoka lamya, ine n'kuwapatsa nambala ndi manja awiri.

"Bwana Gondwe? Tili ndi munthu wanu kuno. Sitima inafika kalekale, okwera onse ali pantchito zawo, koma iyeyu wakhala pano, akuti akutsogolera chionetsero."

Zoti injini inafa sanazitchule. Sananame ngakhale liwu limodzi, nkhalamba yochenjera ija, anangosankha choonadi chomukomera. Umu ndi mmene anthu amenewa ankayendetsera sitima: yofa ndi yawo, wochedwa ndiwe.

Ndipo ine, mtsogoleri wa anthu oponderezedwa, ndinaimirira, n'kuwerama pang'ono, n'kunena kuti, "Asante sana, bwana." Ndinatseka chitseko mwaulemu kuti chisawasokoneze.

Ku ofesi a Gondwe sanakalipe. Anangondiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu. "Ndimayesa vuto ndi sitima, achimwene. Kani mwalowa ndale?"

Ntchito inatha mwezi womwewo, ndipo ana anadya nyemba mpaka kuzilota. Sitima inapitiriza kufa pamalo ake omwe aja, mkulu uja anapuma pantchito ndi ulemu wake wonse. Ntchito ndinapeza ina, imeneyo sindidandaula. Chimene chimandidzutsa ndi mkwiyo n'chakuti munthu anandichotsetsa ntchito ndikuona, ine n'kumuthokoza. Ndipo ndikudzidziwa bwino: nditakumana naye mawa pamsewu, ndidzayamba ndine kumupatsa moni.