Tsekwe wa Apongozi

Lolemba

Apongozi afika dzulo, bambo awo a mayi a Tadala. Ndi mlenje wakale wa ku Chilwa, ndipo kudzanja lawo lamanja kunatsala zala zitatu zokha. Kumudzi amati akaloza bakha, bakhayo amayamba kutsanzika.

Vuto ndi pakamwa panga. Chaka chatha pafoni ndinawauza kuti Loweruka lililonse ndimapita kwa atsekwe. Kupita ndimapitadi, ku paki ya kuno ku West Bromwich, ndi Tadala ndi buledi wotsala. Iwo anamva za uzimba, ine sindinawakonze. Zinandikomera kumva akuti, "Eya, mwana wanga ali ndi mwamuna."

Mfuti sindinaigwirepo chibadwire. Ndine nesi ine. Makombola a mu Novembala muno akangoyamba kuphulika ndimatseka mawindo onse.

Lero tiyi asanazizire afunsa kale: "Akamwini, mfuti ija ili kuti?" Ndati yakale inatha, ndikusankha ina. Ati tisankhira limodzi, Loweruka tidye tsekwe. Mayi a Tadala amva zonse, angopitiriza kusita yunifolomu akumwetulira.

Zochita:
kudziwa mfuti ya atsekwe
kudziwa zoikamo
kusagwidwa bodza

Lachiwiri

Kuntchito ndakoka Dave, amene amakankha mabedi a odwala pawodi yathu. Iyeyu ndiye mlenje weniweni, galimoto yake imanunkha galu wonyowa. Ndalemba zonse kuseri kwa pepala la mashifiti:

chifefe cha 12 bore
makatiriji (zipolopolo zake) a mainchi atatu, a atsekwe mainchi atatu ndi theka
tinjere ta m'kati: nambala 3 kapena 4 kwa abakha, BB kwa atsekwe
nambala ikamakula, kanjere kamachepa
mtovu ayi, ndi mlandu. Tinjere tikhale tachitsulo, chifukwa mtovu ukagwera m'madzi mbalame zimaumeza

Ndafika kunyumba n'kulakatula zonsezi ngati ndinabadwa nazo. Apongozi angogwedeza mutu. Pa zachitsulo aseka mpaka kutsokomola: "Azungu angozindikira kumene? Ife mu gogodera, mfuti yathu yosula kumudzi, timathira tizitsulo ta mu habu ya njinga kuyambira kale." Alowa kuchipinda, atuluka ndi kachitini ka mafuta odzola kodzaza tizitsulo timeneto. Akuti andibweretsera, mwina kuno timasowa.

Ndalandira ndi manja awiri.

Lachitatu

Tiramu, kasitima ka m'tauni, kenako basi, mpaka kusitolo ya mfuti kunja kwa tauni. Apongozi alowa ngati akulowa m'tchalitchi, chipewa m'manja. Akonda ya mipope iwiri. Ija yolowa makatiriji atatu akuti ndi ya anthu osadziwa kulunjika.

Mwini sitolo wandipatsa imodzi kuti ndiyese paphewa. Kulemera kwake! Ndaigwira ngati chitsulo chopachikapo diripi. Kuti ndioneke wodziwa, ndafunsa ngati ili ndi kachidindo ka duwa kosonyeza kuti imapirira tinjere tachitsulo, monga anandiuzira Dave. Ili nako. Apongozi andiyang'ana monyadira, ine thukuta lili kamukamu.

Ndiye bamboyo wafunsa satifiketi ya kupolisi.

Mulungu adalitse munthu ameneyu. Popanda satifiketi sagulitsa mfuti, ngakhale katiriji imodzi. Ndauza apongozi kuti yanga inatha nthawi. Kuti ndipeze ina pafunika kalata ya dokotala, munthu wondichitira umboni, kabati yachitsulo yokhomerera kukhoma, apolisi abwere kunyumba adzacheze ndi ine mwinanso ndi mayi a Tadala. Zonsezi zimatenga miyezi, pomwe apongozi akubwerera pakatha masabata atatu.

Ndavala nkhope ya pamaliro. Pofuna kusonyeza kukhumudwa, ndagula jekete ya alenje, ya mawangamawanga ngati ya asilikali. M'basi ndimaimba chamumtima.

Lachinayi

Ndaimbira landilodi apongozi akumva. Akuti m'nyumba mwake simuboola khoma, ngakhale la chithunzi. Ndadandaula mokweza, ndadya bwino masana.

Madzulo tapita ku paki. Atsekwe ali mbwee pakapinga, onenepa, osathawa munthu. Apongozi aima chilili. Kenako ayamba kunyang'ama, dzanja lili kumbuyo, akunong'ona kuti awa safuna mfuti, chitenje chokha chikwana. Tadala wathamanga kukaima kutsogolo kwa tsekwe wamkulu kwambiri: "Grandad, no! That's Kevin!" Tsekweyo ali ndi dzina, ndipo ndi mnzake.

Mayi a Tadala anena momveka kuti wogwira mbalame ya m'paki akadzifotokozera yekha kupolisi, ndipo iwo ntchito ya unesi sataya chifukwa cha ndiwo. Kevin wabwera kudzajompha buledi m'dzanja la apongozi. Iwo amuyang'ana nthawi yaitali, akuti sanaonepo ndiwo yopanda ulemu chonchi.

Nkhani ya uzimba yatha. Ndapuma.

Lachisanu

Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Dave waimba foni ndili pagome, ndipo ine chitsiru ndaika pa sipika. Akuti wamva chisoni ndi nkhani ya satifiketi. Lamulo limalola kubwereka mfuti yake bola iye ali pomwepo, pafamu pomwe ali ndi chilolezo. Mawa m'mawa tikayeserere kaye kubwalo koombera timbale tadothi toponyedwa m'mwamba, madzulo tipite kwa atsekwe. Makatiriji a BB wagula kale.

Apongozi Chingelezi cha Dave sachimva, koma mawu oti "tomorrow" awagwira. Atumiza uthenga kudzera kwa mwana wawo: mlenje sagona ndi mkazi wake tsiku loti mawa uzimba. Bulangete langa lili kale pasofa.

Ndayesa kupempha shifiti ya mawa. Kwa nthawi yoyamba chiyambire ntchito, akuti anthu akwana.

Loweruka

Timbale makumi awiri ndi tisanu. Ndaphwanya: palibe.

Koyamba mfuti yandimenya paphewa ngati bulu. Kuyambira pamenepo ndikangoti ndikoke, maso akutsinzina okha. Ndayesa kuwakakamiza, akana. Dave wandilanda mfuti mwaulemu, wati munthu wotsinzina sangapite naye kwa atsekwe, angangowavulaza. Za madzulo zafera pomwepo.

Wapereka mfuti kwa apongozi kuti ayeseko. Iwo manja ali m'thumba, akuti kukuzizira.

Tabwerera pa galimoto ya Dave. Atsekwe ndawapulumuka, koma apongozi aona zonse ndi maso awo. Manyazi andigwira. Chikhalirecho sanandilankhule.

Lamulungu

Tapemphera ku Aston. Phewa labiriwira, ndalephera kukweza dzanja ngakhale pa korasi. Pobwerera ndagula bakha wa mufiriji, atsekwe akuti m'sitolo amabwera cha ku Khirisimasi.

Bakha ali mu uvuni, apongozi andiitana pabalaza. Ndati basi, mlandu wayamba. Koma atambasula dzanja lija, akuti kuzizira kwa kuno kukuwawitsa pomwe panali zala. Ndabweretsa madzi ofunda ndi mafuta, ndayamba kuthowa. Iyi ndiye ntchito yomwe ndimaidziwa osatsinzina.

Alankhula akuyang'ana dzanja, osati ine. Zala zija sizinapite ndi ng'ona monga amakambira kumudzi. Gogodera inawaphulikira m'manja atathira onga wambiri pofuna kudzionetsa kwa apongozi awo. Chichokereni tsiku limenelo sanaombenso mfuti, abakha onse otchuka aja anali a misampha.

"Mwana wanga anandiuza kalekale kuti inu ngakhale nkhuku imakuchititsani mantha," atero. "Ndimangofuna kuona kuti bodzali mufika nalo pati. Ine ndinafika nalo apa." Andionetsa dzanjalo. "Mwana ndinapereka kwa munthu womanga mabala, akamwini. Ndimagona tulo."

Ndangopitiriza kuthowa dzanjalo.

Jekete ya mawangamawanga ndawapatsa, ikuwakwana bwino. Akuti ndiwajambule ataivala pafupi ndi Kevin, anthu akumudzi akaone tsekwe amene anamukhululukira. Kachitini ka tizitsulo kali pawindo, sindikudziwa kochita nako.

Bakha wauma ngati chikumba. Tadya wonse.