Tsiku limene ndinaona magoli mu nkhungu

Mpaka lero ndege ikamadutsa ine ndimayang'ana pansi, ndipo anzanga apabawo amadziwa chifukwa chake.

Ndine mlonda pachipatala chaching'ono kumapiri a Dambe. Chaka chimenecho mvula inadula msewu, ndiye mankhwala achangu ankabwera pa kandege kopanda munthu kaja, droni, kuchokera ku boma. Kankatera pabwalo la mpira. Ine anandipatsa udindo wogwira foni n'kumauza woyendetsa mmene kunja kulili. (Ndinkadzitcha mkulu wa bwalo la ndege, kunyumba mpaka anatopa nane.) Lamulo linali limodzi basi: ukaima pagoli ili, goli linalo lizioneka. Likapanda kuoneka, kandege sikanyamuka.

M'mawa wina mlongo wanga Esnati anachira mwana wamwamuna, koma magazi osasiya. Anamwino anati mankhwala oletsa magazi atha. Kunja n'kuti nkhungu itatseka moti ndinkangomva mbuzi kulira, osaiona.

Foni inalira. Anali mayi woyendetsa droni uja.

"Achimwene, kodi magoli akuoneka?"

Ndinayang'ana. Ngakhale goli limene ndinatsamira ndinkaliona theka.

"Akuoneka, mayi."

"Mukunena zoona? Kandege n'kamodzi komweka. Ine kuno maso anga ndinu."

"Mbee! Ndi ukonde womwe."

(Magoli athu sanakhalepo ndi ukonde chiwaimikire.)

Patapita kanthawi ndinamva kulira kwa kandege pamwamba, kakuzungulira ngati njuchi yosochera. Mphepo inali itayambanso, koma zimenezo sindinanene. Kenako phwaa! m'mitengo ya kuseri kwa bwalo. Mitengo imeneyo ndi ya kumanda.

Kwathu kumanda sumangolowa ngati m'munda mwako. Anthu anaima m'mphepete kudikira a Faindi, mkulu wa adzukulu, kuti atilowetse. Ine, munthu amene pamaliro ndimaima kumbuyo kwa aliyense, ndinalowa ndekha, kukwawa pamitumbira, kupepesa aliyense amene ndamuponda. Kandege ndinakapeza kali lende pamtengo, phiko lothyoka. Timabotolo tonse ta mankhwala tinali titasweka.

A Faindi anandipeza nditagwada pamenepo.

"Eti mwabwera kudzamusankhira malo mlongo wanuyo?"

Ndinadzuka n'kuwatsatira. Ndipo titangotuluka kumandako, nkhungu ija inayamba kunyamuka yokha. Dzuwa linawala, magoli onse awiri poyera. Ndikanangodikira pang'ono, kandege kakanatera bwinobwino.

Esnati tinamunyamula pamachila, m'matope, mpaka tsidya lina la mlatho wokokoloka kumene ambulansi inkadikira. Anapulumuka, koma madokotala anachita kumuchotsa chiberekero. Mwana uja ndi woyamba, ndiyenso womaliza. Zimandipweteka, ndipo Esnati sanandinenepo kanthu, zomwe zimapweteka kuposa kutukwanidwa.

Foni anandilanda, ndinabwerera pageti. Mayi woyendetsa uja anangondifunsa funso limodzi: "Nditakupatsaninso foniyi, mlongo wanu ali mkatimo, mungandiuze zoona?"

Akuluakulu amati kuthamanga sikufika, ndipo ndikuvomereza. Koma funso limenelo sindinaliyankhebe.