Pasipoti ya a Patrick

Mukadzamva amayi a ku Dublin kuno akuitana kuti "a Patrick!", musatembenuke kufunafuna bambo wa ndevu. Akuitana ine. Ndine mayi wa mwana mmodzi, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba ku Skerries, ndipo dzina langa lenileni sindikuuzani, chifukwa Amalawi kuno tilipo ochepa koma nkhani zimayenda kuposa basi.

Gwero la zonsezi ndi mnzanga Tiyamike. Kwathu ndi kumodzi, ku Ntcheu, midzi yathu inangolekanitsidwa ndi kamtsinje. Kuno tinakumana kuhositelo komwe amasungako anthu opempha malo okhala, tinagona chipinda chimodzi, kubwerekana majekete ndi mafuta odzola mpaka mapepala athu anatuluka. Ndimamukonda, Mulungu ndi mboni. Vuto lake ndi limodzi: chilichonse chabwino chimayamba chagogoda kwa iye. Ntchito anayamba kupeza ndi iye. Nyumba anapeza ku Citywest, yokwera ndi chikepe, ine ndikadali m'kachipinda kodontha. Ngakhale pakati tinatenga chaka chimodzi, ine n'kubereka Tadala wanga, iye n'kubereka mapasa. (Munthu wotereyu ungapikisane naye bwanji?)

Tsiku lolumbira kukhala nzika za dziko lino anatiitana limodzi. Ndinati eya, lero ndiye talinganako. Tinaima moyandikana, tinalumbira limodzi, nyimbo ya fuko lawo tinangoing'ung'udza limodzi poti mawu ake tonse sitiwadziwa. Koma pobwerera, m'basi, Tiyamike anandigwira dzanja.

"Asisi, ine pasipoti ikangotuluka, ulendo wa kumudzi. Ndikawaonanso amayi anu, ndikawauze kuti muli bwino."

Ndinamwetulira mwachiphamaso. Chichokere kumudzi sindinapondekonso. Amayi anga mdzukulu wawo amangomuonera pafoni, nkhope itaduka pakati chifukwa cha netiweki. Ndiye wina akafike pakhonde pa amayi anga ndi masutikesi, akawafotokozere za ine ngati ndine malemu? Ndinalumbira kachiwiri tsiku lomwelo, lumbiro la mumtima: pakhonde pamenepo woyamba kukhalapo ndikhala ine.

"Loweruka mubwere kwathu tidzalembere limodzi pakompyuta," anatero Tiyamike. "Mafomu a pasipoti ali ndi misampha."

"Ayi asisi, Loweruka ndili pa shifiti."

Sindinali pa shifiti ayi. Ndinkafuna kumutsogolera basi. M'mawa mwake, nthawi yopuma kuntchito, ndinabisala m'chipinda chochapira, makina akuzungulira ndi zofunda za okalamba ndimawasamalira aja, n'kuyamba kulemba pafoni.

Apa ndiyenera kufotokoza. Sukulu ndinalekeza ku pulayimale, ndipo zambiri zinauluka, koma chimodzi chinakhazikika m'mutu chifukwa chinalowa ndi ndodo. Aphunzitsi athu sankafuna kuona mwana akuyamba ndi dzina lake pa pepala la mayeso. "Dzina la bambo poyamba, lako pambuyo! Wabereka bambo ako ndiwe?" Tsono kwathu dzina lachiwiri la mwana limakhala dzina loyamba la bambo ake, ndipo bambo anga, malemu, anali a Patrick. Nditaona mabokosi awiri pafomu paja, sindinataye nthawi kuwerenga timawu tating'ono ta pamwamba pake. Dzanja linangochita zomwe linaphunzira. Bokosi loyamba, Patrick. Lachiwiri, ine.

Mzungu akaona mayina awiriwo sangadziwe kuti mutu ndi uti, mchira ndi uti, onse ndi mayina oyamba kwa iye. Ndipo ine ndemwe ndinasainira kuti zonse ndalembazi n'zoona. Nzeru zanga zonse zinathera pa chithunzi. Wigi ndinabwereka, nsidze ndinakonza, wojambula ndinamutopetsa mpaka anayamba kupumira m'mwamba.

Ndiye chozizwa chinachitika. Envelopu yanga inafika ya Tiyamike isanafike.

Abale, ndinavina m'khitchini ndekhandekha. Ndinatsegula kabukuko, ndinayang'ana chithunzi, ndinaona kuti nsidze zatuluka bwino, ndinatseka. Bambo ake a Tadala, amuna anga, atabwera kuntchito anatambasula dzanja.

"Amake Tada, tabweretsani tione nafe."

"Manja anuwo ali ndi simenti. Inu ingogulani matikiti, wanga ndi wa mwana."

Anagula tsiku lomwelo, mayina n'kulemba bwinobwino monga mmene amandidziwira.

Loweruka lotsatira kunali mapemphero a amayi, ndipo mwezi umenewo ankachitikira kunyumba kwa Tiyamike. Ine amene ndimajomba mapemphero kukangogwa kamvula, tsiku limenelo ndinakwera sitima, n'kukweranso tiramu, kasitima ka m'misewu ya m'tauni, mpaka ku Citywest, mvula ili pamsana. Pasipoti ndinaikulunga mu kampango koyera ngati mkate wa mgonero.

Itakwana nthawi ya maumboni, ndinaimirira ndisanaitanidwe.

"Ndikuthokoza Mulungu amene saiwala anthu otsalira m'mbuyo," ndinatero, diso lili pa Tiyamike. "Ena ankayesa kuti tizingodya fumbi lawo. Koma lero taonani."

Ndinafunyulula kampango kaja. Woyamba kuimba nthungululu anali Tiyamike yemweyo. Anadumpha n'kundikumbatira, misozi ili m'maso, chimwemwe chenicheni. (Zinandikwiyitsa. Ndayenda ulendo wonsewu kudzaona nkhope yakugwa, munthu n'kumandisangalalira?)

Kabuku kanayamba kuyenda m'manja. Uyu ayamikire chithunzi, uyu anunkhize mapepala. Kenaka kanafika kwa Amayi Zulu, mtsogoleri wa gulu lathu, a ku Chipata, amene sayamikira chinthu asanavale magalasi. Anawavala. Anayang'ana kabuku, anayang'ana ine, anayang'ananso kabuku.

"Manje uyu Patrick ni ndani?"

"Ndi bambo anga, malemu."

"Awe. Apa balemba kuti ndimwe. Dzina loyamba, Patrick. Bamuna banu baziba kuti banakwatira Patrick?"

Kenaka wina kumbuyo anati, "Koma asisi unzika mwautenga ndi mizu yomwe, mpaka dzina la eni dziko, poti kuno nyumba iliyonse ili ndi Patrick wake!" Basi, mapemphero anathera pomwepo. Amayi akuluakulu kugwa pa sofa, wina kuthawira kubafa, wina kupukuta misozi ndi chitenje. Amayi Zulu anayesa kuyambitsa nyimbo yotsekera, mawu anakana kutuluka.

Tiyamike yekha sanaseke, kapena kuti anasekera m'kansalu kopukutira mbale. Anandikokera kukhitchini n'kunditsanulira tiyi.

"Musadandaule asisi, zimakonzeka izi. Kungoti mukanabwera Loweruka lija."

Kunena mofatsa, mopanda chipongwe ngakhale pang'ono. Bola akanandinyoza, ndikanapeza pogwira.

Kunyumba nkhani inali itafika kale ine ndisanatsike sitima. Amuna anga ananditsegulira chitseko n'kugwira chipewa pamtima.

"Takulandirani achimwene. Akazi anga atuluka, koma khalani pansi."

Ndinawadutsa n'kukamudyetsa Tadala. Kenaka ndinawauza nzeru yomwe ndinaipeza m'sitima.

"Sinthani tikitiyo. Lembani Patrick. Ndipita choncho, ndidzakonza pobwera."

Ndinali wokonzeka ndithu. Kukhala Patrick mwezi umodzi si imfa, bola ndifike Tiyamike asanafike. Koma bambo aja, ataseka n'kukhuta, anatulutsa pepala lakubadwa la Tadala n'kuloza pamene pali dzina la mayi.

"Apa mayi wa mwanayu ndi inuyo amene ndikukudziwani. M'kabukumo muli munthu wina. Pabwalo la ndege akakufunsani kuti a Patrick, mwana wa eni mukupita naye kuti, mukayankha chiyani?"

Ndinayang'ana Tadala ali pansi ndi zidole zake. Ndinamufunsa ngati akufuna kukaona agogo, iye n'kuyankha m'Chingerezi kuti akufuna, ndipo akawapatsa chidole chopanda mutucho. Kupita ndekha, kumusiya, sikukanatheka. Agogo akewo akufuna iyeyu, ine ndi wonyamula chabe.

Lolemba ndinaimbira ku ofesi ya mapasipoti. Anandiimbira kanyimbo kodikirira mpaka ndinakaloweza. Mayi amene anayankha anali woleza mtima. Anafunsa ngati analakwitsa ndi iwo, poti zikatero amakonza msanga. Mdyerekezi anandinong'oneza kuti nena eya. Koma mayiyo anati dikirani ndione zomwe munalemba, ndiye ndinafulumira kuvomera ndekha asanandigwire. Anati nditumize kabukuko, pepala la unzika, fomu yatsopano yodindidwa kupolisi, ndi kalata yofotokoza chomwe chinachitika. Ndinafunsa kuti zitenga nthawi yaitali bwanji. Anati ndilowanso pamzere ngati wina aliyense.

Kupolisi ndinapeza bambo wamtali wa tsitsi lofiira. Anatsegula kabuku, anandiyang'ana kuyambira kuwigi mpaka kunsapato, n'kunena m'Chingerezi chawo chothamanga chija kuti iyenso ndi Patrick, bambo ake ndi Patrick, ndipo sanayembekezere kupeza m'bale lero. Anaitana mnzake wa m'chipinda china kuti adzandipatse moni. Nayenso Patrick. Anandidindira mokoma mtima, koma potuluka ndinamva kuseka kukunditsatira mpaka pamsewu.

Inatsala kalata. Chingerezi changa n'cha ntchito: mwadya, mwamwa mankhwala, tiyeni kubafa. Cha amuna anga n'cha kuntchito kwawo komanga nyumba, theka lake ndi mawu osayenera kulembera boma. Ndinazungulira nyumba, ndinachapa zochapa kale, kenaka ndinameza malovu n'kukwera tiramu ya ku Citywest.

Tiyamike anandilandira ngati palibe chinachitika. Anakhala pakompyuta n'kulemba kalata yaulemu, yondichititsa kuoneka ngati munthu wanzeru amene anangopunthwa pang'ono. Ali mkati molemba, maso anga anagwera patebulo. Pambali pa rimoti, pansi pa botolo la mkaka la mapasa, panali pasipoti yake. Inali itafika. Sanaitchule n'komwe, sanaikulunge mu kampango, anangoiponya apo ngati kabuku ka kusikelo.

Atapita kukatenga mabisiketi ndinaitsegula msangamsanga. (Musandiweruze. Ndinkangofuna kachilema kamodzi, ngakhale kakang'ono, koti ndikagone nako.) Mayina onse anali m'malo mwake. Chithunzi anajambulitsa wopanda wigi, wopanda chodzola, koma anatuluka ngati wowerenga nkhani pa kanema.

Matikiti athu, wanga ndi wa Tadala, tinawasunthira kutsogolo, kabuku ndinakatumiza, ndipo Tiyamike ananyamuka ndi mapasa ake. Ndinamupatsira ndekha katundu wa amayi: juzi, nsapato zofewa, ndi mankhwala opaka m'mawondo. Ndinamuperekeza mpaka pabwalo la ndege, ndikukupiza dzanja, mano ndaluma.

Lamulungu lapitali masana foni inalira, ya kanema. Inali nambala ya Tiyamike, koma nkhope inali ya amayi anga, yathunthu, yowala, poti foni yakenso ndi yabwino kuposa yanga.

"Iwe, taona mlendo wandipeza!"

Foni inatembenuka. Tiyamike ali pakhonde pathu, pa mpando wa bambo anga, chitenje m'chiuno, mbale pamiyendo.

"Tambala ndinkakusungira uja tapha," anatero amayi. "Munthu wochokera kwa mwana wanga sangadye masamba."

Tiyamike ananyamula kanthu pakati pa zala n'kukayandikitsa ku foni. Nthutumba. Nthutumba yanga, imene ndakhala ndikuilota m'dziko la nkhuku zopanda kukoma lino.

"Asisi, ndikukudyerani!"

"Idyani asisi," ndinatero. "Isakutsamweni."

Amayi anapitiriza kuti mnzangayo wawaonetsa makanema onse a Tadala, wawafotokozera mmene amayankhulira, mmene amakanira kusamba, zonse zimene ndinkasunga kuti ndikafotokoze ndekha. Kenaka anatsitsa mawu.

"Ati boma la kumeneko lakupatsa dzina la bambo ako?"

"Ndi kulakwitsa chabe, amayi, akukonza."

Amayi anaseka mpaka kutsokomola. "Bambo ako ngakhale ku Lilongwe sanafikeko. Lero ali kumanda ndi pamene apeza pasipoti ya ku Ulaya!" Ndinamva azakhali ndi ana a oyandikana nawo akuseka kumbuyo, kutanthauza kuti mudzi wonse wamva. Amayi anawonjezera, "Mnzakoyu ndi munthu, umusunge. Wati abweranso kudzatsanzika asananyamuke, ndiye ine ndi mlongo wako tikuganiza za mbuzi ija."

Mbuzi imeneyo ndi ya phwando langa ndi Tadala. Inagulidwa ili kamwana, ndipo ndakhala ndikuiona ikukula pafoni.

Pamene ndikulemba pano kabuku katsopano sikanafike. Wa positi akandiona pawindo amangopukusa mutu ali patali. Ndaphunzirapo ndithu: tsopano ngakhale pepala losainira kuti agogo adya phala ndimawerenga timawu tating'ono tonse ndisanalembe. Amuna anga akuti phunziro lalikulu si limenelo, akuti ndi la mtima, ndipo mwina akunena zoona. Ndidzaliganizira ndikadzabwerako kumudzi.

Pakadali pano ndamuimbira mlongo wanga. Ndamuuza kuti mawa kusanatenthe aikoke mbuziyo apite nayo kwa amalume kutsidya, ndipo amayi akafunsa anene kuti yayamba kutsokomola, ikufunika mphepo ina mpaka alendo atanyamuka. Za tambala ndakhululuka. Mbuzi ndi ya a Patrick.