Ndinathamangitsa Mtengwa Wanga ndi Manja a Munthu Wina

Nkhaniyi sindikanafuna kuinena, koma akuti yafika kale mpaka ku Lilongwe pa kanema. Ndiye bola muimve kwa mwiniwakene, osati kwa ana asukulu amene amandionera akutafuna chimanga chokazinga.

Ine ndine munthu wa mawu. Sindikudzitama ayi, funsani aliyense kuyambira kwa Kapondo mpaka kumalire. Ndinali kapitawo pa esiteti ya fodya, ndipo ndikaima pachulu n'kuitana matenanti, agalu a ku Zambia ankayankha. Maliro akagwa m'mudzi muno wolengeza ndine. Zokuzira mawu amabwereka m'midzi ina, kuno ayi. (Sukulu ndinailekera panjira, cholembera chimandilemera kuposa khasu, koma pakamwa palibe anandiposapo.)

Ndiye taonani zimene Mulungu anandikonzera. Mayi akunyumba atamwalira, mwana wanga Yohane anakwatira mtsikana wa ku Ludzi, Nambewe, n'kumutenga chitengwa. Mtsikana wolimbikira, waukhondo, wophunzira kuposa Yohane yemweyo. Koma samva chibadwire, amalankhula ndi manja. Yohane chinenero chimenecho amachidziwa. Pasanathe chaka anapita ku Joni kukasaka ntchito, n'kutisiya awiri pakhomo: ine ndi mawu anga onsewa, ndi munthu amene sangawamve.

Onjezanipo mwambo. Inu mukudziwa, mpongozi sumuyang'ana kumaso. Mukakumana panjira wina amapatukira kutchire. Ukafuna kumuuza kanthu umaima kuseri kwa nkhokwe, n'kulankhula nkhope ili kumbali. Ine ndinaleredwa choncho, ndipo ndinkatsata bwino lomwe. Ndinkaima kuseri kwa nkhokwe n'kunena kuti, "Apongozi, mbuzi zalowa m'munda!" Mbuzi zinkamva n'kuthawa. Iye ayi. Chakudya ankandiikira pakhonde, ine ndikadya n'kubweza mbale pomwepo. Madzulo iye m'nyumba mwake, kucheza ndi Yohane pafoni ya kanema, ine pakhonde langa kukangana ndi wailesi. Wailesi nayo ndi yamwano, ukaifunsa imangopitiriza zake.

Tsiku lina kunabwera mayi wina panjinga yamoto, Mayi Tembo, mphunzitsi wa anthu omasulira chinenero chamanja. Anali mnzake wa Nambewe. Anakhala awiriwo pansi pa mtengo wa mango, manja ali balalabalala, ndipo ndinamva chinthu chimene ndinali ndisanachimvepo pakhomo panga: mtengwa wanga akuseka. Kuseka kwenikweni, kotulutsa mawu. Ndinasuzumira pampanda (pang'ono chabe, kumaso sindinafikeko).

Atamaliza, mayi aja anabwera kudzagwada kwa ine.

"Agogo, tabwera ndi ophunzira athu kuholo ya kutchalitchi. M'kalasi amayeserera ndi makanema a anthu a m'tauni ndi owerenga nkhani. Akafika kumudzi, munthu wamkulu n'kuyamba Chichewa chenicheni, manja awo amauma. Tikufuna munthu wodziwa kulankhula."

"Mwamupeza," ndinatero.

"Muzikalankhula monga mwa masiku onse, iwo azikamasulira. Tikajambulanso kuti ena azidzaphunzirirapo, ngati mungalole."

Ngati ndingalole! Munthu amene ndinatha miyezi ndikulankhula ndi mbuzi. Jekete yanga ya ukapitawo ndinaiika pakhonde, m'mawa ndinaipeza yochapa, yosita, batani lomwe linathothoka kalekale litasokeredwa.

Lachinayi lake ndinakwera njinga. Nambewe anali atachoka kale, ine n'kumayesa wapita kuchigayo. Holo ndinaipeza yodzaza, koma kuli zii ngati pamaliro a munthu wopanda abale. Ena anakhala awiriawiri moyang'anizana, zala zikuvina. Ena anaima pagalasi lalikulu lotsamira khoma, kukwinya nkhope, kuimasula, kukweza nsidze. M'makoma monse munali zithunzi za manja. Pakona kagulu kena kankaonera kanema wa mlaliki: kumuimitsa, kumubweza m'mbuyo, kumuyambitsanso, bambo wosaukayo osamaliza ngakhale vesi imodzi. (Ndinamumvera chisoni, osadziwa kuti ndikulowa m'gulu lake.)

Ndinakoka mpweya. "Zikomo nonse, mwadzuka bwanji!"

Theka la anthu linadumpha. Theka linalo silinacheuke n'komwe. Mayi Tembo anangozimitsa getsi n'kuliyatsanso, holo yonse n'kutembenuka. Kababu kamodzi ka sola kundiposa ine.

Poyamba anandiimika kutsogolo kuti ndifotokoze mmene tinkachitira fodya, kuyambira kuthyola, kusoka, kupachika m'chigafa, mpaka kudinda mabelo. Wophunzira mmodzi anaima pambali panga akumasulira. Pakapita kanthawi Mayi Tembo ankakweza dzanja, uyo n'kukhala pansi, wina n'kulowa, ngati kusintha osewera pampira. Ndinawatulutsa thukuta ana amenewo, ndipo zinandikoma. Koma nditamwaza maso ndinaona kuti palibe ndi mmodzi yemwe akundiyang'ana. Maso onse ali pa womasulira. Ine wajekete ndangokhala ngati mtengo wamagetsi. Ndiye ndinayamba kusendera, pang'onopang'ono, uku ndikulankhula, mpaka ndinakaima patsogolo penipeni pa mwana wa eniake. Manja anakwera m'holo yonse, nkhope zonse zokwinya.

"Agogo," anatero Mayi Tembo, "mwatseka mawu."

"Mawu ake ndi ineyo!"

"Kwa awa, mawu ali kumbuyo kwanuko."

Ndinabwerera pamalo panga. Ndikanakhala wanzeru ndikanabwerera mpaka kunyumba.

Kenako anaika mipando iwiri moyang'anizana, akuti tsopano tiyeserera kukambirana kwa munthu wakumva ndi wosamva. Womasulira wake anali Dalitso, chimnyamata chachitali, ndevu ngati za mneneri, mawu a besi. Anaima paphewa panga. Mayi Tembo anayamba kundiuza malamulo: ndiziyang'ana mnzangayo osati womasulira, ndizilankhula naye mwachindunji, chilichonse chomveka chimasuliridwa, ndiponso Dalitso akamati "ine" sakunena za iye mwini, akungobwereketsa pakamwa. Ndinkangoti "eya, eya," koma maso anga anali pafoni imene anaiimika pa kamtengo ka miyendo itatu. Ndinkafuna kudziwa ngati jekete ikukwana yonse m'chithunzi.

Chitseko chakumbali chinatseguka. Analowa Nambewe, n'kudzakhala pampando uja. Mawondo athu anatsala pang'ono kugundana.

Abale, thupi linachita lokha. Ndinanyamula mpando wanga n'kuulozetsa kuwindo.

Mayi Tembo anati, "Agogo, nkhope yanu ndi theka la nkhani. Ayenera aone ngati mukuseka kapena mwakwiya."

"Mayi, awa ndi apongozi anga!"

"Tikudziwa. Apempha okha kuti akhale ndi inu."

Anautembenuza mpando ine ndili pomwepo. Ndinaponya maso kudenga, n'kuwakhomerera pamalata. Ndinang'ung'udza chamumtima (chamumtima changa chimamveka kumsewu): "Koma anthu awa, kundiitanira kudzandivula pagulu." Pakona ya diso ndinaona manja a Dalitso akuyenda.

"Iwe, zimenezo usanene!"

Manja anayendanso. Holo yonse inagwedezeka ndi phwete.

"Muuzeni kuti..." ndinayamba.

Mayi Tembo anandidula: "Musati muuzeni, agogo. Nenani nokha."

Ndiye ndinafunsa malata kuti, "Apongozi, mwadzuka bwanji?"

Apa ndi pamene panagona ngozi. Popeza maso anga anali kudenga, sindinaone kuti Nambewe wayamba kuyankha ndi manja. Ndinangomva mawu a besi pakhutu panga.

"Ndadzuka bwino bambo, koma ine pakhomo panu sindikusangalalapo."

Ndinati mwina sindinamve bwino.

"Mukandiona mumathawira kuseri kwa nkhokwe ngati ndikununkha. Ndimakuphikirani, ndimakuchapirani. Jekete mwavalayo ndasita ndine."

Chimnyamata chandevu, chimene sindinachionepo chibadwire, kunena pamaso pa anthu ndi pamaso pa apongozi anga kuti chimandichapira! Ndinati mwanayu waona kuti ndasowa pogwira, ndiye wayamba sewero lake kuti anzake aseke.

"Ndikuganiza zobwerera kwa amayi anga," anapitiriza.

Ndinadzambatuka. "Iwe! Pakhomo panga anakuitanapo ndani? Nyamuka, pita kwa amakowo lero lomwe, ndisadzakuonenso!"

Dalitso anali wophunzira wakhama. Anauzidwa kuti chilichonse chomveka chiperekedwe, ndipo anachipereka chonse, ndi nkhope yaukali yomwe, ndi chala cholozera kukhomo. Ndinamva mpando ukukhwekhwereza. Pamene ndimatsitsa maso, ndinangoona nsonga ya chitenje ikutuluka pachitseko. Apa m'pamene malamulo aja anandibwerera onse pakamodzi.

"Apongozi! Sindimanena inu! Apongoziii!"

Sindinafuulepo choncho, ngakhale tsiku limene chigafa chinapsa kuesiteti. Malata ananjenjemera, nkhunda zinabalalika patchalitchi, amayi ogulitsa mandasi kumsewu anaimirira. Iye ankangopita, osacheuka.

Mayi Tembo anamuthamangira. Dalitso anakhala pansi atagwira mutu.

"Bambo, mwandilepheretsa mayeso."

"Mayeso? Iwe wandithetsera banja la mwana wanga!"

"Ine ndangonena zimene mwanena."

"Nanga sukanasefako? Mulibe nsefa m'manja mwakomo?"

Tinakakumana ndi Nambewe panja, kuseri kwa holo, popanda foni, womasulira ali Mayi Tembo eniake. Ndinafotokoza kuti ndimakalipira wandevu uja. Ndinafotokozanso kuti zothawira kunkhokwe si chidani, ndi ulemu, ulemu waukulu umene sindinapatsepo ngakhale bwana wa esiteti. Maso anga anafika pamanja ake, osapitirira. Manjawo anayankha mosapupuluma.

"Mwambo ndikuudziwa, bambo, inenso ndine Mchewa. Koma ulemu wanuwo umadzera m'makutu. Kwa ine munthu akatembenuza nkhope ndiye kuti wanditsekera chitseko. Chichokereni mwana wanu, pakhomo paja palibe amene wandiuzapo ngakhale kuti kwacha."

Ndinafuna kunena kuti inenso chimodzimodzi. Mawu anakana kutuluka, ndipo mulembe penapake, chifukwa sizichitikachitika.

Anati zoti ndimakalipira wina wazimva, ndipo sakusunga mangawa, koma kwa amayi ake apitabe. "Mukafuna ndibwerere, mudzabwere mudzandiuze nokha. Ndi manja anu, mukundiyang'ana."

Tsiku lomwelo anamanga kachikwama kake. Yohane anaimba kuchokera ku Joni. "Bambo, ndinakusiyirani munthu mmodzi yekha woti mukhale naye." Ndinati netiweki ikuvuta.

Mayi Tembo asanabwerere anadzandifunsanso ngati kanema uja angamugwiritsebe ntchito, poti Nambewe walola. Ndinati tengani, manyazi ake ndadya kale. Akuti masiku ano amamuonetsa kalasi iliyonse yatsopano. Akafika pamene ndikudzambatuka amandiimitsa, kamwa ili yasa, n'kufunsa ophunzira kuti, "Apa womasulira akanatani?" Yankho lake akuti akanayamba waima n'kundifunsa kuti ndikukalipira ndani. Kenako amandibweza m'mbuyo, ndidzambatukenso. Akuti m'makanema awo onse, wanga ndi amene ophunzira samuiwala. (Sindikudziwa ngati n'kundiyamikira.)

Mayi Tembo anandisiyira chipepala chachikulu cha zithunzi za manja, chabwino kwa ife amene zilembo zimatizunguza, n'kundionetsa mawu ochepa oyambira. Anati ndiziyeserera pagalasi. Galasi langa ndi kachidutswa kometera ndevu, mukalowa nkhope manja amatsala panja. Ndiye ndimalipachika pamtengo wa mango n'kuima patali. Pakhomo pali zii, pakhonde palibenso mbale yondidikira, ine ndi nkhalamba ya m'galasimo tikupinda zala za nyamakazi. Anthu opita kumjigo anafalitsa kuti ndalowa mpingo watsopano.

Loweruka lapitali ndinapalasa mpaka ku Ludzi. Nambewe ndinamupeza akusenda chinangwa pabwalo, amayi ake ali pambali. Miyendo inkandikokera kuseri kwa nkhokwe yawo, koma ndinaikaniza. Ndinaima patsogolo pake, n'kuvula chipewa, n'kukweza maso. Abale, mtengwa wanga ali ndi kachipsera pachibwano, ndipo akafuna kuseka amaluma mlomo wapansi. Chaka chathunthu pakhomo limodzi, ine osadziwa. Ndinachita zonse zimene ndinayeserera, thukuta lili kamukamu, pakamwa ndikufuulanso mawu omwewo mpaka nkhuku zinathawa.

Nambewe analoza maso anga n'kukweza chala chachikulu. Kenako analoza manja anga n'kupukusa mutu.

"Akuti chiyani, asewere?" ndinafunsa amayi ake.

"Akuti maso mwakhoza. Koma zalazo sanamvepo kanthu, mukabwereze."

Anandipatsa chinangwa chophika cha panjira, ndinabwerera ndekha. Ndipitanso Loweruka likudzali. Njinga ndapopa kale.